Galimoto Imene a Filipo Anamanga ku Waterkloof

A Filipo Likongwe anali munthu wochedwa. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zimene zinkandipsetsa mtima pa iwo kuyambira tsiku limene tinadziwana. Kudya ankachedwa, kuyenda ankachedwa, ngakhale moni ankayamba akuyang'ana kaye ngati wawafunsa funso la mayeso. Ine ndine Elton, makaniko, ndipo magazi anga sachedwa kuwira. Tonse tinachokera ku Ntcheu, iwo ku Nsipe ine ku Kampepuza, ndipo kuno ku Pretoria zimenezo n'zokwanira kuti munthu akhale mbale wako. Ndinkawaitana kuti Achimwene popeza anandiposa ndi zaka khumi ndi zisanu. Iwo ankanditchula kuti amisiri, ndipo kunena zoona ndinkamva kukoma.

Sukulu anasiyira Sitandade 4, bambo awo atamwalira. Ali mnyamata anapita ku Balaka pa galaja ina kukapempha kuti aphunzire ntchito, poti kuyambira ali mwana mtima wawo unali pa zitsulo. Kumeneko anawapatsa beseni la palafini kuti azitsuka mabawuti, ndipo anatsuka miyezi itatu osadandaula. Tsiku lina anawatuma kukagula chitsulo china. Anasokoneza manambala n'kubwera ndi cholakwika. Mwini galajayo anawauza pamaso pa anthu kuti mutu wawo ndi wouma, apite akalime. Munthu wina akanatukwana n'kukafuna galaja ina, koma a Filipo anakhulupirira. Anapita ku Blantyre n'kuyamba ntchito ya m'maluwa ku Namiwawa. Anakwatira a Enifa, anabereka mwana wamkazi dzina lake Naomi, ndipo m'chaka cha 2003 anakwera basi ya ku Joni. Zaka zinayi anagwira ku Brooklyn konkuno ku Pretoria, kenako anakakhazikika pa nyumba ina ku Waterkloof, m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Makina otchetchera kapinga a pa nyumba imeneyo sanapiteko kokonzetsa ngakhale kamodzi pa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ukawafunsa kuti anawatani ankangoti, "Ndinangowagwiragwira."

Mu Malichi 2023 mayi wachizungu amene ankamugwirira ntchito anawauza kuti akugulitsa nyumba. Mwamuna wake anali atamwalira, ndipo iye ankapita kukakhala kwa mwana wake ku Kapa. Ntchito idzatha mu Disembala. A Filipo anali ndi zaka 58, mawondo akulira akamadzuka pansi, ndipo nonse mukudziwa kuti palibe amene amalemba gadenibo wa msinkhu umenewo pamene anyamata adzaza pa mageti. Akutulutsa katundu m'galaja anapeza bokosi lalikulu ngati sutikesi yopita nayo kumudzi, pulasitiki yake isanang'ambidwe n'komwe. Munali galimoto yoyendetsa ndi rimoti, koma osati zidole za ana zogula ku Marabastad zija. Iyi inali yodzimangira wekha, zidutswa mazanamazana m'timatumba, yokhala ndi injini yeniyeni yomwa mafuta, ndipo ikatha kutalika kwake n'kofika mkono. Malemu uja anaigula atapuma pa ntchito, n'kudwala asanaitsegule. Mayiyo anati aitaye kapena apatse zidzukulu.

Anandiimbira foni kuti ndikaione. Ine nditangoona chithunzi cha pa bokosipo ndinati tigulitse.

"Ayi amisiri," anatero mwa kuchedwa kwawo. "Ndikufuna ndione ngati ndingaimange."

Ndinaseka mpaka misozi. Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, kumanga kagalimoto! Koma panali buku la malangizo la masamba makumi asanu ndi limodzi, lonse m'Chingerezi, ndipo Chingerezi cha a Filipo chinali cha m'munda: thirira apa, dula apo. Ndiye tinagwirizana kuti Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndizipita kukawawerengera.

Ndisaname, ntchito ija inandikoka nanenso. A Filipo ankayala thawulo loyera pa tebulo, n'kuika timathireyi ta mazira m'mbali, sikuluwu iliyonse m'kachibowo kake. Timatumba tinali ndi zilembo, ndipo sankatsegula ka B ngati ka A sikanathe. Bukulo linali ndi nzeru imodzi imene inawathandiza kwambiri: sikuluwu iliyonse inajambulidwa pa msinkhu wake weniweni. Ndiye iwo ankaitenga n'kuigoneka pa chithunzipo. Ikapyola ngakhale pang'ono ngati chikhadabo, ankaibweza n'kufuna ina. Ine ndinkaona ndi maso kuti iyi ndi yomweyo, koma iwo ayi, mpaka aigoneke. Masikuluwu olowa m'chitsulo ankawapaka kadontho ka guluu wa buluu kuti asamasuke ndi kunjenjemera kwa injini, ndipo kadonthoko ankakaika ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Chimene chinkanditopetsa zedi ndi timapaipi ta masipuling'i toletsa galimoto kudumphadumpha. Umathiramo mafuta olemera ngati uchi, kenako umadikira kuti timathovu ta mpweya tikwere tonse. A Filipo ankatiimika m'kabokosi kobooledwa n'kukhala pansi kumatiyang'ana. Theka la ola, munthu ali phee, akuyang'ana thovu. Ine ndinkatuluka, kuzungulira dziwe losambiramo, kubwera, iwo ali pomwepo.

"Achimwene, tsekani basi, kathovu kamodzi kangaphe munthu?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, amisiri."

Tsiku lina atamaliza kumanga magiya a matayala a kumbuyo anapeza kawashala kamodzi, kachitsulo kobooka pakati, katatsala pa thawulo. Ndinawauza kuti m'mabokosi otere amaikamo zapadera, ndipo ndinanena mwamphamvu ngati munthu wodziwa. Anandimvetsera mwaulemu, n'kumasula zonse zimene tinamanga masana onsewo. Kawashalako kanali ndi malo ake, kuseri kwa kagiya kakang'ono. Sananene kanthu, ngakhale kundiyang'ana, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiwawa. Ndinakwera takisi yobwerera ku Sunnyside nditatupa.

Mu Juni tinapita kukafuna mafuta a galimotoyo, poti simwa petulo. Anatilozera ku bwalo lina kupitirira Silverton kumene anthu amathamangitsa magalimoto otere Loweruka, bwalo la dothi lofiira lokhala ndi timapiri todumphira. Kumeneko tinapeza a Thabo Banda, bambo wa zaka ngati makumi anayi, wobadwira ku Atteridgeville, amene agogo ake anachokera ku Dedza nthawi ya migodi. Chichewa chake chinkathera pa moni. Anali ndi shedi pambali pa bwalolo, mmene ankagulitsa mafuta ndi kukonza magalimoto a anthu. A Filipo anali atanyamula magiya aja m'thumba, atawakulunga m'kansalu, kuti afunse ngati anamanga bwino. Thabo anawatenga, n'kuwazunguza ndi zala pafupi ndi khutu lake. Anazunguzanso.

"Madala, wamanga izi ndani?" anafunsa m'Chingerezi chosakaniza ndi Chisepedi, ine ndikumasulira pamene a Filipo asochera.

"Ndine."

"Yoyamba?"

"Yoyamba."

"Eish." Anatiuza kuti anthu a ndalama amagula mabokosi otere koma alibe nthawi kapena mtima womanga, ndiye amamubweretsera iye, ndipo m'shedimo munali asanu akudikira. Analoza kampando kopanda munthu pafupi ndi tebulo lake. "Imalizeni yonse mubwere nayo. Ikamaliza matanki ake oyamba a mafuta bwinobwino, mpando uwo ndi wanu. Tsatirani buku, neh? Buku limanena zonse."

Tinabwerera pa takisi. Titatsika a Filipo anati, "Ndiye kuti mwina sindipita kumudzi Disembala uno." Kuyambira tsiku limenelo sinalinso nkhani ya chidole. Inali nkhani ya mpando umenewo kapena basi ya kumudzi yokwerera pa siteshoni ya Bosman, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

Anapitiriza mwa kuchedwa kwawo komweko. Pomanga injini pa malo ake anapanikiza kapepala pakati pa magiya awiri monga bukulo linanenera, kuti mpata ukhale wa kapepala basi. Matayala anamata ndi guluu mpaka zala ziwiri zinagwirana, ine n'kuzilekanitsa ndi lezala uku ndikuwanyoza. Chigoba chake chinali choonekera ngati galasi, ndipo penti amapaka mkati. Iwo anasankha yofiira. Pofika kumayambiriro kwa Okutobala galimoto inaima pa tebulo, yathunthu, matayala akuluakulu a mano, ndipo ukaikanikiza ndi dzanja inkatsika n'kudzuka mofewa ngati mphaka.

Masamba omaliza anali a injini. Ndinawawerengera onse, sindinadumphe mzere, pa zimenezo ndilibe mlandu. Pa kabuleta pali kasingano kotsegulira mafuta. Bukulo linati ukatseke mpaka kumapeto, kenako ukatsegule kozungulira kanayi. Linati injini yatsopano imakhala yothina, ndiye matanki asanu oyamba galimoto iziyenda pang'onopang'ono, izifuka utsi wambiri, ndipo izipuma pakati. A Filipo anadontheza kapenti koyera pa mutu wa kasinganoko kuti aziona pamene kazungulira. Anawerenga mokweza: kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Anatsekanso n'kuwerenganso. Anachita zimenezo katatu.

Ine ndinkaseka chamumtima. Muyenera kudziwa kumene ndinachokera. Ndisanabwere ku Joni ndinkakonza njinga zamoto za kabaza pa Kampepuza, m'zaka zimene mafuta ankasowa, anthu n'kumagona pa mizere. Dzina langa linatchuka ndi chinthu chimodzi: kufinya kabuleta kuti njinga izinyambita mafuta m'malo momwa. Anyamata ankachokera ku Balaka kudzandipeza. Kwa ine, ndi kwa makaniko aliyense wa kwathu, injini yofuka ndi injini yodwala, ndipo injini yolavula mafuta ndi mbava. Ndinkati azungu olemba mabukuwa amalemba choncho chifukwa sanaimepo pa mzere ndi chigubu. Chimene sindinadziwe, ndipo sindinafunse, n'chakuti injini zimenezi zilibe posungira oyilo ngati njinga. Oyilo wake ali m'mafuta momwemo. Ukaimana mafuta waimananso oyilo. Utsi umene ndinkaunyozawo ndiwo unali moyo wake.

Tsiku loyesa linali Loweruka lomaliza la Okutobala, majakaranda atagwetsa maluwa misewu yonse. A Filipo ankafuna kupita awiriwiri. Koma ife Amalawi chinthu sitichita mwakachetechete, ndipo amene analengeza ku tchalitchi ndine, ndikudzitama kuti galimoto imeneyo ndaiyang'anira ndine. Kunabwera anthu oposa khumi ndi asanu, amayi atavala zitenje, beseni la mandasi, zakumwa m'chikwama chozizira. Tinaima mozungulira galimoto ija pa dothi lofiira n'kupemphera pemphero lalitali, azungu ndi ana awo akutiyang'ana mwaulemu. Ena mwa ife anali asanaonepo a Filipo atavala china chosakhala ovolosi kapena suti ya ku tchalitchi. Tsikulo anavala malaya oyera.

Anathira mafuta onunkhira motsekemera, owawa m'maso. Anaika kachitsulo kotenthetsa pulagi, n'kukoka chingwe. Kachitatu inalira. Amayi analulutira. A Filipo anaiika pansi n'kugwira rimoti ndi manja awiri, ndipo galimoto inayamba kuyenda.

Inkayenda ngati ngolo. Inkatsokomola, ikufuka utsi wa buluu, ekizozi ikulavula madontho a mafuta pa dothi. Pambali pake magalimoto a anthu ena ankadutsa ngati mphenzi, akuuluka pa timapiri. Yathu inkazungulira m'mphepete, a Filipo akumwetulira okhaokha poti zonse zinkachitika monga bukulo linanenera. Thanki yoyamba inatha, anaipumitsa. Yachiwiri chimodzimodzi. Anthu athu anayamba kutopa, ndipo Mmalawi akatopa amayamba nthabwala.

"A Elton," anatero Amayi Jessie, amene pakamwa pawo sipagona ntchentche, "mesa munkati ndi ya mpikisano? Nanga bwanji ikusuta ngati basi yokwera phiri la Dedza?"

Anthu anafa nacho chiseko. Wina anati, "Ndiye amisiri athu ndi amenewa? Ine mawa ndikukatenga galimoto yanga kwawo kusanade."

Inali nthabwala chabe, ndikudziwa. Koma ine makutu anatentha. Ndinayang'ana botolo la mafuta, lodula ngati mankhwala, likutsika chonsecho theka likutayikira pansi. Manja anayamba kuyabwa. Thanki yachiwiri itatha a Filipo anapita ku mpopi kukasamba m'manja kuti adye mandasi, ndipo anthu onse anaunjikana pa beseni. Ndinagwada ngati ndikuona matayala, ndinatulutsa kasikuludiraiva kanga, n'kutseka kasingano kaja kozungulira kamodzi kathunthu. Ndinachita kamodzi kathunthu dala, kuti kadontho koyera kabwerere pamene kanali. Nthawi zambiri ndimadziuza kuti ndinkafuna kuwathandiza. Koma munthu wothandiza sabisa mapazi ake chotero.

A Filipo atakoka chingwe pa thanki yachitatu, kulira kunasintha. Kutsokomola kuja kunatha, injini inayamba kulira mokweza, mosalala, ndipo utsi unazimiririka. Atangokhudza rimoti galimoto inalumpha n'kumwaza dothi. A Filipo anadzidzimuka n'kuisiya.

"Yamasuka!" ndinakuwa ine. "Yamasuka imeneyo, ipatseni moto!"

"Buku lija linati asanu, amisiri."

"Ipatseni moto, Abambo!" anakuwa Amayi Jessie, ndipo onse analowerera, akuwomba m'manja, akutchula dzina lawo.

Ndimakumbukira nkhope yawo. Sindikhulupirira kuti pa moyo wawo wonse gulu la anthu linawawomberapo m'manja. Anayang'ana ine, poti ine ndiye ndinali wodziwa, ndipo ndinagwedeza mutu. Anakoka.

Inathamanga, abale. Inathamanga moti ngakhale azungu aja anatembenuka. Inakhota pa ngodya osagwedera, inakwera kaphiri n'kuuluka, n'kutera mofewa, miyendo inayi nthawi imodzi. Inazungulira bwalo kamodzi, kawiri. A Filipo ankaseka mokweza ngati mwana, mutu uli m'mwamba. Pozungulira kachitatu, pakati pa njira yowongoka, kulira kuja kunatsamwa, kunamveka kuti khwa, ndipo galimoto inaseseleka pang'ono n'kuima. Kunangoti zii.

Anapita kukaitola okha, akuyenda mwa kuchedwa kwawo. Chingwe chinakana kukokeka. Thabo anatuluka m'shedi, analavulira kadontho ka malovu pa mutu wa injini, ndipo kanauma nthawi yomweyo. Anainyamula n'kukaiika pa tebulo lake, ife tonse tikutsatira ngati tikupita ku maliro. Anamasula masikuluwu anayi n'kutionetsa. Pisitoni inali yokalikakalika, kachitsulo koikankha katathyoka pakati. Anafotokoza za oyilo wa m'mafuta uja, ndipo ine ndinamasulira liwu ndi liwu. Kenako anaika sikuludiraiva pa kasingano n'kuyamba kutseka, akuwerenga. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Kanaima.

"Katatu," anatero. "Wagwira apa ndani?"

"Palibe," anayankha a Filipo. "Ndine ndekha. Ndinawerenga kanayi."

"N'katatu, madala."

A Filipo anaweramira pafupi, akuyang'ana kadontho kawo koyera. Anatambasula zala zinayi n'kuziyang'ana, milomo ikuyenda. Apo ndi pamene ndinayenera kulankhula. Mawu anali pakamwa penipeni. Koma Amayi Jessie anali pambali panga, pamodzi ndi anthu amene magalimoto awo ndimakonza, amene amanditchula amisiri kuyambira ku Sunnyside mpaka ku Mamelodi. Ndinaona dzina langa likusanduka nthabwala ya pa maukwati onse a Amalawi kwa zaka khumi. Ndinayang'ana pansi, ndipo kamphindi kaja kanadutsa.

Thabo sanali munthu woipa. Anatembenuza galimoto ija, anaigwiragwira, n'kunena kuti zina zonse zinamangidwa bwino kuposa mmene iye amamangira. Anati agule pisitoni ina ndi zina zowonongekazo, abwerenso. "Koma madala," anawonjezera mofatsa, "ntchito imeneyi ndi kuwerenga. Ikanakhala ya kasitomala bwenzi tikulira tonse." Zimenezonso ndinamasulira ine, ndi pakamwa panga.

A Filipo anavula chipewa n'kunena kuti zikomo. Kenako anamupatsa galimoto yonseyo, ndi rimoti, ndi buku, kuti mwina angapezemo zitsulo zothandizira ena. Thabo anakana, iwo anaumirira. Malaya oyera aja anali ndi mzere wa mafuta pachifuwa.

Lamlungu lotsatira ndinapita kwawo ndi mtima woti ndiwauze. Ndinawapeza atachotsa thawulo pa tebulo, timathireyi ta mazira tili m'bini. Ndinayamba ndi kunena kuti zitsulozo ndigula ine, tikatenge galimoto tiyambirenso.

"Musavutike, amisiri. Mwataya kale ma Sande ambiri pa ine." Anapukuta tebulo ndi dzanja. "Bambo wa ku Balaka uja sananame. Ndikanangowonongera anthu katundu."

Mukuganiza kuti ndinalankhula? Ndinayamba nkhani ya mpira. Ndinapitanso Lamlungu lina, ndi linanso, ulendo uliwonse nditakonza mawu m'takisi, ndipo ulendo uliwonse bodza lija linali litakula moti silikanatulukanso pakhomo. Poyamba ndinkaopa manyazi a kasingano. Kenako ndinkaopa manyazi a kukhala chete kwanga, amene anali aakulu kuposa oyambawo. Pa 16 Disembala ndinawanyamulira zikwama pa Bosman. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kundithokoza chifukwa cha kuleza mtima kwanga. Kuleza mtima, ine! Basi itanyamuka ndinakalipira mnyamata wogulitsa madzi popanda chifukwa chilichonse.

Zaka ziwiri zinadutsa. Tinkalankhulana mwa apo ndi apo, za mvula, za feteleza, za amene wamwalira. Mwezi wathawu Thabo anabwera ndi bake yake, kagalimoto konyamulira katundu, kuntchito kwanga, mabuleki akulira. Anandizindikira. Anandiuza kuti galimoto yofiira ija anaiika injini ina, ndipo yathamanga mipikisano zaka ziwiri popanda kumasula magiya ake ngakhale kamodzi. Anati pa mpando paja anaikapo anthu atatu osiyanasiyana ndipo onse amathamangira kumaliza. "Madala wanu uja ali kuti? Ndinamudikira mpaka Khirisimasi. Manja ngati amenewo sapezeka. Kuwerenga kokha ndikanamuphunzitsa."

Ndinamaliza kumanga mabulekiwo. Lamlungu titaweruka ndinakhala pa masitepe a kuseri kwa tchalitchi n'kuimba foni ku Nsipe. Anayankha a Enifa, n'kukawapatsira.

Sindinazungulire. Ndinawauza zonse: mpopi, mandasi, kasikuludiraiva, kadontho koyera. Ndinawauza kuti pamene Thabo ankafunsa ndinali ndikudziwa. Nditamaliza ndinkangomva nkhuku ndi wailesi ya patali. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo ndinkafunitsitsa atanditukwana.

"Ndiye kuti kanali kanayi?"

"Kanali kanayi, Achimwene."

"Ndinawerenga bwino."

"Munawerenga bwino. Katatu konse munawerenga bwino."

Anapuma mpweya wautali. Ine ndinayamba kuthamanga ndi mawu monga mwa khalidwe langa: Thabo akukufunanibe, mpando ulipo, tikiti ndigula ine, mudzafikira kwanga, mapepala tiona.

"Amisiri," anandidula mofatsa. "Maso anatha. Ng'ala yagwira onse awiri. Foniyi amandiyankhira ndi mayi akunyumbawa chifukwa sindiona pokanikiza. Sikuluwu ija ndingaigonekenso pa chithunzi?"

Misozi inkagwera pa nsapato zanga za ku tchalitchi, anthu akudutsa.

"Koma ndikupempheni chinthu chimodzi," anatero. Ndinamva akusuntha, akuitana chakutali. "A make Naomi, tabwerani mukhale apa." Kenako mawu anabwereranso pafupi. "Mayiwa akhala akundiona zaka ziwiri ndili pakhonde pano ndikuwerenga zala ngati wamisala. Ndikawauza ine aziti ndikudzitonthoza. Ndiye nenaninso inuyo, mokweza, pang'onopang'ono, amve okha."

Ndinapukuta kumaso ndi tayi, ndipo ndinayambiranso pachiyambi.